Pasipoti ya Mwanajuma Inakaona Mapiri a Ayezi

Amene amagula mafuta onunkhira m'kasitolo kena ka ku Deira, mumzinda wa Dubai, amamudziwa Mwanajuma Saidi, mayi wamfupi wa mpango wothina, amene dzanja lake lamanzere silichedwa kupita pachifuwa ngati munthu wa mphumu. Si matenda ayi. Pamenepo, mkati mwa diresi, pali kathumba kansalu kosoka pamanja, ndipo m'kathumbamo muli pasipoti yatsopano, pasipoti yakale yodula ngodya, ndi pepala limodzi lopindapinda. Amagona nako, amaswali nako, posamba amakapachika pamsomali pomwe maso ake akukaona. Mwini sitoloyo pomulemba ntchito anapempha kuti azimusungira pasipoti, iye anati ngati ndi choncho ntchitoyo ikhale. Atsikana achimalawi ongobwera kumene amamuseka, ati amayiwa anakwatiwa ndi pasipoti. Sekani, ana inu, mano ndi anu. Simukudziwa kumene pasipoti yakaleyo inapita chaka cha 2009, mwini wake ali m'khitchini ya mabwana ake ku Al Warqa, mu Dubai momwemo.

Kwawo ndi ku Ntaja, m'boma la Machinga. Bambo ake, a Saidi, anali telala wa pakhonde la sitolo, munthu wosadya chamwini ngakhale njala ifike pati. Mwanajuma ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anatola kachidutswa ka nsalu pansi pa makina kuti aveke chidole chake cha chitsononkho. Bambowo anamugwira dzanja, n'kuyenda naye mpaka kwa mwini nsaluyo, mudzi wachitatu, kukabweza kachidutswako anthu akuona. Ati chamwini ndi chamwini ngakhale chitagwa pansi, ndipo dzanja la mwana wa Saidi silipisa m'thumba la munthu. Phunzirolo linamulowa mpaka m'mafupa, moti atakula sankatola ngakhale singano panjira.

Anakwatiwa ali wamng'ono ndi mwamuna amene anapita ku Joni, n'kutumiza bulangete limodzi, kenaka zii. Anamusiyira mwana mmodzi, mtsikana, dzina lake Zahra. Mwanajuma anagulitsa zitumbuwa pasiteji ya minibasi mpaka 2005, pamene mayi wina wa kumzikiti anamupezera ntchito ya m'nyumba ku Dubai. Zahra anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anamusiya m'manja mwa mng'ono wake Asiyatu, n'kukwera ndege koyamba.

Nyumba imene anafikira inali ya zipinda khumi ndi chimodzi, mkati mwa mpanda wautali. Mwini wake ankamutchula kuti Baba, monga amachitira antchito onse kumeneko. Mkazi wake anali Madamu Hessa, ndipo pakhomo panatsala mwana mmodzi, Reem, mtsikana wosekaseka. M'chipinda cha pansi munkagona Hajiya Afra, amayi ake a Baba, amene sitiroko inawapha mbali imodzi n'kuwalanda mawu. Ntchito yeniyeni ya Mwanajuma inali agogo amenewa: kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, kuwatembenuza maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda. Pasipoti Baba anaitenga tsiku lomwelo pabwalo la ndege, ati kuti isasowe. Ndi mmene zinkakhalira m'nyumba zonse za mumsewumo. Baba ndiye anali kafili wake, munthu amene dzina lake lili pa viza, ndipo popanda kafili wantchito wa m'nyumba sankamveka mu ofesi iliyonse.

Tinene chilungamo, Madamu Hessa sankamenya, sankatukwana, sankakiyira chakudya m'kabati. Ankamupatsa madiresi amene atopa nawo, ankamutchula kuti habibti, kutanthauza wokondedwa wanga, ndipo mu 2007 anamulola kupita kumudzi mwezi wathunthu. Anzake akamva ankati Mwanajuma ali ndi mphumi, iyenso ankavomereza. Akaswali ankawatchula madamu akewo m'dua, pambuyo pa Zahra ndi Asiyatu.

Kumapeto kwa 2008 mzinda unaima. Makireni amene ankazungulira osapuma anangoti njo m'mwamba, pansi pake nyumba zosatha, zopanda mawindo. Pabwalo la ndege magalimoto anali kutuwa ndi fumbi, eni ake atathawa makiyi ali momwemo. Baba ntchito yake inali kugulitsa nyumba zisanamangidwe, zongojambula papepala, ndiye mafoni ake atatu ankalira kuyambira m'mawa, anthu kufunsa kuti nyumba zathu zija zili kuti. Anasiya kuyankha. Kenaka anabwera ndi nzeru: ulendo wa pasitima yapamadzi, miyezi itatu ndi masiku angapo, kuzungulira dziko, kukaona mizinda yakutali ndi mapiri a madzi oundana. Pakati pa nyanja foni silira. Reem anamutengera chilolezo kusukulu. Hajiya atsala ndi Mwanajuma, ndipo nesi azibwera kawiri pasabata.

Tsiku lolongedza, Madamu anamutuma kuti atenge kachikwama kachikopa pabedi akaike m'chikwama cha m'manja. Zipi yake inali yotsegula. Mwanajuma anaona mapasipoti omanga pamodzi ndi kamphira, monga ankakhalira m'sefa, bokosi lachitsulo lokiya, ndipo anali anayi pomwe oyenda anali atatu. Yapansiyo anaizindikira ndi mkango ndi kambuku wa pachikuto. Anaisolola pang'ono ndi chala, anaona nkhope yake yomwe, ya 2005, yowonda. Anaima nayo mwina mphindi yathunthu. Kuitenga? Linali thumba la mwini. Kufunsa? Mwezi womwewo wantchito wa nyumba yoyandikana anafunsa za pasipoti yake, mabwana ake n'kunena kuti akufuna kuthawa, n'kumulanda foni. Ndiponso iye analibe ulendo, tchuthi chake chinali cha mu Ogasiti. Anadziuza kuti Madamu ndi munthu wamkulu, akudziwa chimene akuchita. Anaikankhira m'malo mwake, n'kutseka zipi ndi dzanja lake lomwe.

Ananyamuka pa 6 Januwale. Pafiliji Madamu anamata pepala la madoko onse ndi masiku ake, kuti Mwanajuma adziwe tsiku lokonza nyumba: Mombasa, Durban, Cape Town, kenaka maina oluma lilime a tsidya lina la nyanja. Mwanajuma sukulu analekezera Sitandade 4, koma manambala ndi zilembo amawerenga, pang'onopang'ono, chala chili pamzere.

Foni ya Asiyatu inabwera pa 25, masana, sitima itachoka ku Cape Town masiku atatu apitawo. Ati Zahra watupa miyendo, akayenda pang'ono akupuma ngati wathamanga, ndipo kuchipatala ku Zomba anena kuti ndi mtima, unawonongeka kalekale ndi zilonda zapakhosi zimene palibe anazilabadira. Amupatsa mapiritsi, amubweza kunyumba. Asiyatu sanazungulire. "Achemwali, adokotala andifunsa kuti mayi ake a mwanayu ali kuti. Bwerani."

Nesi uja anali Bupe, mayi wa ku Lusaka, wamtali, wosabisa mawu. Atamva nkhani yonse anaika thonje pansi. "Imwe amake Zahra, munaiona na maso yanu, munaigwira na manja yanu, mwaibwezamo futi? Awe shuwa." Koma Bupe sanali wongokalipa. Anati za tikiti asadandaule, Amalawi ndi anthu a ku Zambia a mumzinda muno atumizapo maliro ambiri kumudzi, sangalephere kutumiza wamoyo. Za Hajiya apeza mtsikana wodziwa ntchito kuti agwirizire. Chofunika ndi kabuku kaja basi, ndipo alipo makampani otumiza makalata pandege amene akhoza kukafikitsa pakhomo m'masiku anayi, kuchokera kulikonse. Anatsegula laputopu yake patebulo la m'khitchini, n'kulembera Madamu imelo.

Yankho linabwera patapita masiku awiri, lotsekemera ngati uchi. Ati pepa habibti, sitinaone n'komwe kuti tatenga, Mulungu amuchiritse mwanayo, tikangofika doko loyamba titumiza, inshallah. M'munsi mwake anafunsa ngati Hajiya akudya bwino, ndiponso ngati maluwa akuthiriridwa. Mwanajuma anapita pafiliji, anaika chala pa Buenos Aires, pa 4 Febuluwale, ndipo mtima unakhalako pansi.

Tsiku lomwelo analongedza sutikesi, n'kuiimika pakhomo la kachipinda kake. Munali nsapato za sukulu za Zahra, sopo, zipatso za tende za m'paketi, ndi kampira ka mapu a dziko kozungulira pamwendo wake, kamene Bupe anakamugulira kumsika wa Dragon Mart. M'nyumba yonse ya zipinda khumi ndi chimodzi munali anthu awiri, wina wosalankhula, wina wosowa womulankhula. Mwanajuma ankawauza Hajiya nkhani za Zahra m'Chiyao, agogowo maso ali tcheru, kaya ankamva chiyani.

Zahra anali mwana wa sukulu weniweni, wa Sitandade 7, wokonda mapu kuposa masewera. Atamva kuti pasipoti ya amayi ake ili pasitima anaseka mpaka kutsokomola, ati amayi inu, kabuku kakuposani kuyenda. Anabwereka buku la mapu kwa aphunzitsi, anajambula dziko lonse pakati pa kope lake, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, Mwanajuma akaimba, funso loyamba linali lomwelo: "Amayi, sitima yafika pati?" Mwanajuma ankatchula zilembo chimodzichimodzi kuchokera papepala la pafiliji, mwana uko akulemba. Za miyendo sankakamba, ankakamba za sitima.

Buenos Aires inafika, inadutsa. Ati anafika tsiku la holide, masitolo otseka, komanso basi yowaonetsa mzinda sinaime paliponse. Atumiza pa doko lotsatira, Ushuaia, pa 10. Bupe anapukusa mutu, anati zimenezi zikununkha, madamuwa akuganiza za amene aziwatembenuzira apongozi awo. Mwanajuma anakwiya, anati Sisita musachimwe, Madamu amaswali kasanu patsiku, nawonso ndi kholo, mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Bupe anangoti tiona.

Pa 12 inabwera imelo yaitali, ya zithunzi. Ati Ushuaia ndi kamudzi ka kumapeto kwa dziko, kulibe positi ofesi, kulibe chilichonse, ndi mphepo ndi mbalame basi, koma taona ntchito ya manja a Mulungu. Zithunzizo zinali za zipupa za ayezi zabuluu, zazitali kuposa sitimayo, zikugumukira m'nyanja. China chinali cha Madamu atavala chijasi chofiira, atakweza tambula ya juwisi momwe anaikamo kachidutswa ka ayezi amene ati anaundana zaka masauzande zapitazo. Abale inu, kutumizira zithunzi zoterozo mayi amene mwana wake akugona chokhala, chifukwa akagona chagada mpweya umamuthera! Mwanajuma anaziyang'ana zonse mosamala, podziwa kuti Zahra afunsa. Anafunsadi ngati ayeziyo ndi wabuluu zoona, ngati anthu amayendapo. Masiku amenewo chakudya chinali chitamukana, ankangofuna chozizira, ndipo Asiyatu ankayenda mpaka pamsika wa Ntaja kukagula mafirizesi, kufika nawo kunyumba atasungunuka theka. Mwanajuma akatsegula filiji ya Madamu, yotulutsa ayezi yokha ukangodina batani, ankaitseka msanga.

Bupe sanakhale pansi. Anapempha nesi mnzake kuti akhale ndi Hajiya m'mawa umodzi, n'kumutenga Mwanajuma pa takisi kupita ku ofesi yoona za alendo. M'njira anamuphunzitsa bwinobwino kuti akanene kuti pasipoti inasowa. Atafika pawindo, bambo wa pamenepo anafunsa kuti inasowera kuti, ndipo mwana wa Saidi anayankha kuti sinasowe, ili ndi mabwana ake panyanja. Bupe anamuponda phazi, koma mawu anali atatuluka. Bamboyo anati ndiye kuti si yotayika, abwere ndi kafili kapena kalata yake. Pobwerera anadutsana ndi mabasi oyera ochokera kumafakitale a ku Jebel Ali, odzaza amuna ochotsedwa ntchito, akupita nawo ku bwalo la ndege, aliyense pasipoti ili m'manja, nkhope zili zakugwa chifukwa sankafuna kupita kwawo. Mwanajuma anawaperekeza ndi maso mpaka basi yachisanu ndi chiwiri, kenaka anayang'ana kumbali. Lachisanu anagwadira mchimwene wake wa Baba, amene ankabwera kudzapsompsona amayi ake pachipumi. Iye anati nkhani za antchito a m'bale wake salowerera.

Ku Valparaiso, pa 18, anayankha Baba mwini wake, mizere iwiri. Ati maiko amenewo makalata amabedwa, pasipoti si chinthu choseweretsa, adikire Auckland kumene kuli dongosolo. Papepala la pafiliji Auckland inali pa 8 Malichi, ndipo mizere ya pakati yambiri inangolembedwa kuti panyanja, panyanja, panyanja. Lachisanu limenelo Zahra sanaseke. Mawu ake anali aang'ono, odukaduka. Anati wayeza ndi rula, nyanja imeneyo ndi yaikulu kuposa Africa yense. Anapuma nthawi yaitali, kenaka anati, "Amayi, mukachedwa musadandaule. Ine ndikudziwa kuti si inu."

Anamwalira Lachiwiri, pa 3 Malichi, tsiku lawo loimbirana foni. Asiyatu anaimba masana, Mwanajuma akudyetsa Hajiya phala. Anamvetsera, anati inna lillahi wa inna ilayhi rajiun, ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera, n'kuika foni pabedi. Agogo aja anali atayasama kudikira supuni, ndiye anawapatsa, ndi ina, ndi ina, mpaka mbale inatha. Hajiya anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumugwira pamkono ndi dzanja lawo lamoyo lija, mwamphamvu, osasiya. Kwa Asilamu maliro sagona. Pamene Mwanajuma ankatsuka mbaleyo, ku Ntaja azimayi anali akusambitsa mwana wake, ndipo dzuwa lisanalowe anali ataikidwa. Analirira m'chipinda chochapira, makina akuzungulira, kuti agogo asamve. Lachisanu azimayi achimalawi asanu ndi mmodzi anabwera kudzakhala naye pamkeka m'galaja. Anali alendo ake oyamba m'zaka zinayi, ndipo analowa chifukwa eni nyumba kunalibe.

Madamu analemba mawu achisoni okongola kwambiri, ndi mavesi omwe. Ati zonse n'zolembedwa. Ati tsopano palibenso chifukwa choikira pasipoti pachiswe, abwera nayo okha. Ndipo chonde Reem asauzidwe, ndi mwana wa mtima wofewa, ulendo ungamuipire. Mwanajuma anavomera ngakhale zimenezo. Anapitiriza kutembenuza Hajiya ndi kuthirira maluwa, ndipo mlandu wonse ankaupereka kwa dzanja lake limene linatseka zipi. Iye sankawaganizira Madamu choipa. Holide ndi holide, kumene kulibe positi kulibe.

Mabwana aja anabwera pa 11 Epulo, atanenepa, ndi masutikesi khumi ndi anayi. Madamu anamukumbatira pakhomo, anamunong'oneza pepa, n'kumupatsa mphatso: shawelo yaubweya, yolemera, mu Epulo wa ku Dubai, wotentha ngati ng'anjo. Mwanajuma anati shukran, zikomo. Akukokera masutikesi m'chipinda chochezera, Reem anatsika masitepe akuthamanga, dzanja lina chidole cha mbalame yakuda ndi yoyera yoima ngati munthu, dzanja lina pasipoti. Chidolecho ati n'cha Zahra, mbalameyo dzina lake pengwini. Ndipo pali chinanso, taona. Anatsegula tsamba lapakati. Panali chidindo chachikulu chabuluu, chozungulira, cha mbalame yomweyo itanyamula envelopu kukamwa, pansi pake deti: 10 FEB 2009.

Reem ankalankhula mosangalala, monga mwana amene wachita chinthu chabwino. Ati ku Ushuaia kuli kapositi ofesi kokongola m'mbali mwa madzi, alendo onse amakatumizirako makhadi ndi kudinditsa mapasipoti kuti chikhale chikumbutso. Iye anatumiza makhadi makumi awiri, kwa azakhali, kwa anzake akusukulu, ndipo onse anafika. Mama atatulutsa mapasipoti m'chikwama, iye anaona ya Mwanajuma, n'kunena kuti nayonso idindidwe, asamanidwe. Mama anaipereka okha pakauntala.

"Reem, khalas, zakwana, pita m'mwamba," anatero Madamu.

Mwanajuma sanayang'ane chidindocho nthawi yaitali. Deti limenelo ankalidziwa ngati dzina lake. Pa 10 Febuluwale Zahra anali akuyendabe yekha kupita kuseri, anali akusekabe, ndipo kuchokera pamenepo anakhala moyo masabata atatu athunthu. Anafunsa mwaulemu, ndi Chiarabu chake cha m'khitchini. "Madamu, positi ofesi inaliko?"

Madamu Hessa sanachite manyazi, ndipo apa ndi pamene pamawawa kwambiri. Anangonyansidwa, ngati munthu wotopa ndi ulendo amene wafunsidwa funso lachibwana. "Kanali kakang'ono, ka alendo. Nanga ukanapita, Hajiya akanawatembenuza ndani? Mtsikana wachilendo, ife tili kutali? Mwana wako anali ndi mng'ono wako, Hajiya anali ndi iwe wekha. Uziganizirako ena." Atatero anatambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba, kuti alandire pasipoti akaibweze m'sefa.

Mwana wa telala uja, amene sanapisepo dzanja m'thumba la munthu, anatenga kabukuko m'manja mwa Reem, anakalowetsa m'diresi pachifuwa, n'kunena kuti ayi. Anali ayi wake woyamba m'nyumbamo. Madamu anayamba kutchula zabwino zonse zimene anamuchitira, madiresi, tchuthi, ndi shawelo yomwe ija. Baba anati viza aifafaniza mawa lomwe. Mwanajuma anapita kwa Hajiya, anawatembenuza, anawapukuta kukamwa, anawapsompsona dzanja. Reem anali atakhala pamasitepe ndi chidole chija, akufunsa aliyense kuti chachitika n'chiyani. Patatha masiku asanu Bupe anamuperekeza ku bwalo la ndege, ndi sutikesi yomwe ija, nsapato za sukulu zili momwemo.

Ku Lilongwe bambo wa pawindo la olowa m'dziko anavundukula masamba, n'kuima pa mbalame ija. Anaitembenuza uku ndi uku, anaitana mnzake kuti adzaone. "Mayi, mpaka kumapeto kwa dziko? Anthu mukudyerera kunjaku. Kunali bwanji?" Mwanajuma anati kumazizira. Bamboyo anaseka, anadinda, n'kumuuza kuti takulandirani.

Pepala lija la m'kathumba analipeza ku Ntaja. Asiyatu atamulozera manda, kamtumbira komera kale udzu wa mvula yomaliza, anabwerera naye kunyumba, n'kumutulutsira kope la Zahra. Pakati pake panali dziko lonse lojambula ndi pensulo, Malawi atadetsedwa ndi bolopeni kuti aoneke. Mzere wofiira unachoka pa Dubai, kutsika m'mbali mwa Africa, kuwoloka nyanja, kuzungulira kumunsi kwa dziko la kutsidyako, n'kukathera pakati pa madzi, pomwe panalibe dzina lililonse. Pa doko lililonse limene pasipoti inalephera kutumizidwa, mwanayo analemba chifukwa chake ndi zilembo zazing'ono, zaukhondo, monga ankamuuzira amayi ake. Pa Buenos Aires analemba kuti holide. Pa Valparaiso analemba kuti kuli akuba. Pa Ushuaia anajambula timapiri titatu ta ayezi, anatipaka inki yabuluu, ndipo pansi pake analemba kuti: Kuno kulibe positi. Madamu sanachite dala.